Magetsi a m'matope: mafunso ndi mayankho okhudza batire la mabakiteriya

Tsamba lino ndi la aphunzitsi a sayansi, ana asukulu a sekondale ndi amisiri okonza mawailesi ndi mafoni a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Moatize amene anamva kuti matope a kudambo amatulutsa magetsi. Amatulutsadi. Chipangizo chake akatswiri amachitcha microbial fuel cell, mwachidule MFC, koma pano tizingoti batire la matope. Tinenerepo poyamba pomwe kuti wina asagulitse mbuzi: magetsi ake ndi ochepa kwambiri, ndipo ambiri amene amati apeza ochuluka amakhala akuyeza chitsulo chimene chikudyeka, osati ntchito ya mabakiteriya.

Kodi tizilombo tosaoneka ndi maso tingapange bwanji magetsi?

Chamoyo chilichonse chikadya chimaphwanya chakudyacho n'kuchotsamo maelekitironi, ndipo maelekitironiwo amafunika potayira. Ife timawatayira pa okosijeni amene timapuma. Pansi pa matope okosijeni kulibe, choncho mabakiteriya ena amatayira maelekitironi awo kunja kwa thupi, pa dzimbiri la chitsulo limene lili m'nthaka. Mukawakwirira kaboni m'matopemo amamutenga ngati dzimbiri lija. Amamatirira, amaswana mpaka kupanga ndere yopyapyala yoterera, n'kumathira maelekitironi pa kaboniyo usana ndi usiku.

Kaboni wokwiriridwayo ndiye anode, mbali ya minus. Kaboni wina amakhala pamwamba pa madzi pamene pali mpweya, ameneyo ndiye cathode, mbali ya plus. Mukalumikiza ziwirizi ndi waya, maelekitironi amakwera kudzera m'wayamo, ndipo akafika pamwamba amakumana ndi okosijeni ndi tizidutswa ta haidrojeni tochokera m'matope, n'kupanga madzi. Kuyenda kwa maelekitironi m'waya kumeneko ndiye magetsi.

Chakudya chimene mabakiteriyawa amakonda koposa ndi acetate, asidi yemwe uja wa mu viniga. Kachidutswa kamodzi ka acetate kamapereka maelekitironi 8, ka shuga wa glucose kamapereka 24. Koma shuga ndi zinyalala zina sadya okha. Mabakiteriya ena owoletsa amayamba aphwanya, iwo n'kumadya zotsalira. N'chifukwa chake matope a kudambo, amene muli mitundu yambirimbiri yosakanikirana, amagwira bwino ntchito popanda kugula kachilombo kalikonse.

Zimenezi zatulukira liti?

N'zakale kuposa damu la Cahora Bassa. Mu 1911 Michael Potter, katswiri wa zomera wa pa yunivesite ya Durham ku England, anaonetsa kuti yisiti ndi mabakiteriya zikamaphwanya chakudya zimatulutsa magetsi pang'ono. Mu 1931 Barnett Cohen analumikiza timabatire totere tambiri mpaka kufika mavolti 35, ngakhale mphamvu yoyenda inali mamiliampu awiri okha. Nkhaniyi inagona zaka zambiri mpaka pamene anapeza mabakiteriya odziwa kutayira maelekitironi kunja: Geobacter, amene Derek Lovley anamupeza m'matope a mtsinje wa Potomac ku America mu 1987, ndi Shewanella wa m'nyanja ya Oneida ku New York mu 1988. Abale a Geobacter ali paliponse pamene pali matope opanda mpweya, kuphatikizapo madambo a ku Dómuè ndi Furancungo.

Kodi ndingatchajire foni?

Ndi ndowa imodzi, ayi. Masamu ake ndi awa.

Sayansi ya kemisitiri imati acetate ndi okosijeni sizingapereke kupitirira mavolti 1.1. M'ndowa yeniyeni, popanda cholumikizidwa, mita yoyezera magetsi imawerenga mamilivolti 500 mpaka 800 (mamilivolti 1,000 ndiwo volti imodzi). Mukalumikiza chinthu chodya magetsi amatsika kufika 300 kapena 400. Ndowa yopangidwa bwino ndi zipangizo zapakhomo imapereka mamaikrowati makumi angapo, ikachita bwino 100 kapena 200. Maikrowati ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a wati imodzi.

Batire la foni la 4,000 mAh limasunga pafupifupi 15 Wh (1 Wh ndi wati imodzi yogwira ntchito kwa ola limodzi). Pa mamaikrowati 100 lingatenge maola 150,000 kuti lidzaze, zomwe ndi zaka 17. Babu la mawati 5 lingafune ndowa 50,000. Yuniti imodzi ya magetsi olipiriratu a Credelec, 1 kWh, ndowayo ingaipange m'zaka zoposa 1,100.

Chodabwitsa n'chakuti mphamvu m'chakudyamo ilimo. Supuni yaing'ono ya shuga, magalamu anayi, ili ndi mphamvu pafupifupi 18 Wh, kuposa batire la foni lija. Vuto ndi liwiro lotulutsira: okosijeni amachedwa kulandira maelekitironi pa kaboni wamba, ndipo matope ndi njira yothina kwa magetsi.

Nanga ndifuna zipangizo zanji kuti ndiyesere?

Ndowa yapulasitiki ya malita 10, kapena chigubu cha mafuta ophikira chodula pakamwa. Yachitsulo ayi. Matope okwana theka la ndowayo, ndi madzi a pamalo pomwepo. Timitengo ta kaboni 25, waya wa stainless pafupifupi mamita awiri, waya wa kopa wokutidwa wolumikizira kunja, guluu wa epoxy kapena silikoni, resistor (kachipangizo kochepetsa kuyenda kwa magetsi) ya maohm 1,000, ndi multimeter ya manambala. Resistor imeneyi mizere yake ndi yofiirira, yakuda ndi yofiira, ndipo mungaichotse pa bolodi la wailesi yakufa.

Kaboni wosavuta kupeza ndi wa m'miyala ikuluikulu ya tochi ndi wailesi, ija ya R20 yotchipa ngati Tiger Head. Pakati pake pali kamtengo kakuda kotalika pafupifupi masentimita asanu ndi limodzi. Valani magolovesi, dulani chikopa cha mwalawo ndi pulayala, solozani kamtengoko, ndipo phala lakuda lotsalalo musalitaye kudimba kapena pafupi ndi chitsime. Timitengoti tiwiritseni m'chitini mphindi 15 kuti phula ndi mankhwala zichoke, kenaka tikwecheni ndi sandipepa mpaka tichite khakhalakhakhala. Mabakiteriya sagwira bwino pamalo osalala.

Miyala yolembedwa kuti alkaline ilibe kamtengo ka kaboni ndipo madzi ake amawotcha khungu. Mabatire a foni ndi ena onse a lithium musawaboole n'komwe, amayaka moto.

Amene angathe kuitanitsa nsalu ya kaboni yotchedwa carbon felt apeza magetsi ochuluka kangapo, chifukwa ili ndi malo ambiri okhalapo mabakiteriya.

Matope abwino ndi otani?

Akuda bii, ofewa ngati phala, onunkha ngati dzira lovunda. Fungo limenelo likutanthauza kuti mulibe okosijeni. Kumbani masentimita 10 mpaka 20 pansi pa dambo losaphwa, padziwe la nsomba, m'munda wa mpunga kapena m'ngalande ya kumadimba. Thirani m'chidebe, dzazitsani ndi madzi, vundikirani, ndipo mugwiritse ntchito tsiku lomwelo kapena mawa lake.

Mchenga wa m'mbali mwa Zambezi ndi Revúbuè ulibe chakudya. Katondo wofiira wa kumtunda ali ndi dzimbiri lambiri, ndiye mabakiteriya amatayira maelekitironi pa dzimbirilo kusiya kaboni wanu. Pewaninso matope a pamene pamatsikira madzi a milu ya malasha ku Moatize, chifukwa amatha kukhala ndi asidi ndi salufa zosokoneza muyeso.

Ndipange bwanji, kuyambira poyamba?

Chotsani miyala, mizu ndi nyongolotsi m'matope. Nyongolotsi zimaboola tinjira tolowetsa mpweya pansi.

Mangani anode ndi timitengo 10. Kulungani waya wa stainless mothina pa kamtengo kalikonse, maulendo anayi kapena asanu, n'kupotokola ndi pulayala, kuti zonse zikhale ngati kamphasa. Yezani ndi mita kuchokera kumapeto kwa waya kufika pa kamtengo kalikonse. Pakapitirira maohm 10, manganinso. Gawo la waya lokwera kuchoka pa anode kupita kunja mulilowetse m'kapaipi kapulasitiki, kapena m'chikopa chosenda pa waya wina, kuti lisakhudze madzi a pamwamba.

Yalani matope masentimita atatu pansi pa ndowa, ikanipo anode, imikani pafupi nayo kapaipi kena kodzadyetsera mabakiteriya kotseka pamwamba, kenaka thirani matope ena masentimita asanu kapena asanu ndi limodzi. Gogodani ndowayo pansi kangapo kuti thovu la mpweya lituluke. Thirani madzi mwapang'onopang'ono m'mbali mwa ndowa mpaka akwere masentimita atatu pamwamba pa matope.

Cathode imangidwe chimodzimodzi koma ikule kuposa anode, timitengo 15. Iikeni pa kachidutswa ka siponji kapena ka thovu loyera la m'makatoni a wailesi, kuti theka la kamtengo kalikonse likhale m'madzi, theka mumpweya. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Ikamira yonse imasowa okosijeni, ikauma yonse njira ya magetsi imaduka.

Waya wa kopa alumikizidwe kunja kwa ndowa, pouma. Ngati mulibe stainless ndipo mwakakamizika kulowetsa kopa m'matope, polumikizirapo pamatidwe ndi epoxy osasiya ngakhale kampata ka nsonga ya singano. Kopa akadyeka amapha mabakiteriya omwe mukuwetawo.

Pomaliza lumikizani resistor pakati pa mawaya awiriwo ndipo muisiye pomwepo. Vundikirani ndi nsalu kapena chidutswa cha neti kuti udzudzu usaswane, koma mpweya uzilowa.

Chifukwa chiyani resistor ikhale yolumikiza kuyambira tsiku loyamba?

Chifukwa mabakiteriya amakhazikika pamene maelekitironi awo akuchoka. Mawaya akakhala osalumikiza, anode imadzaza ndipo imasanduka mwala wamba kwa iwo. Ndi resistor, mtundu wofunikawo umaswana n'kuposa ina. Tsiku loyamba mita ingawerenge mamilivolti 20 kapena 50, nthawi zina ngakhale minus. Pakati pa masiku atatu ndi masabata awiri nambala imakwera tsiku ndi tsiku kenaka n'kukhazikika. Kuona maso a nkhono n'kudekha: musafukule anode kuti muone ngati zikuyenda, mpweya ukaigunda mwabwerera pachiyambi.

Langa lawerenga pafupifupi volti imodzi nditangomaliza kupanga. Ndapambana?

Mwina ayi. Funso loyamba: mwaikamo chitsulo chanji? Msomali wa malata, waya wa mpanda, chidutswa cha lata, aluminiyamu wa poto kapena chikopa cha mwala wa tochi, chilichonse mwa izi chikakhala m'matope onyowa moyang'anana ndi kaboni kapena kopa chimapereka magetsi nthawi yomweyo. Amenewo ndi magetsi a chitsulo chimene chikusungunuka, ofanana ndi a batire la ndimu kapena la mbatata ya kachewere limene ana amapanga m'kalasi. Chitsulocho chikatha, magetsi atha.

Batire la mabakiteriya lenileni limayamba pansi n'kumakwera, ndipo mbali zonse ziwiri zimakhala za kaboni. Kuti mutsimikize, pangani ndowa ziwiri zofanana, koma matope a imodzi muwawiritse ola lathunthu n'kuwaziziritsa musanathire. Yowiritsayo idzaonetsa kanthu kochepa ndipo idzatsalira kutali m'sabata yoyamba. Mphunzitsi amene akukonzekeretsa ana chionetsero cha sayansi asasiye ndowa yachiwiriyi, chifukwa ndiyo umboni wonse.

Ndiyeze bwanji mphamvu yeniyeni?

Mavolti okha sanena kanthu. Ikani mita pa DC, pa 2 V kapena 2000 mV, chingwe chofiira ku cathode, chakuda ku anode, resistor ili pomwepo. Mphamvu ndi mavolti kuchulukitsa ndi mavolti omwewo, kugawa ndi maohm. Mukawerenga 0.3 V pa maohm 1,000, ndiye 0.3 kuchulukitsa 0.3 ndi 0.09, kugawa ndi 1,000, zikupereka mamaikrowati 90.

Batire likakhwima, chotsani resistor kwa ola limodzi mulembe nambala yapamwamba. Kenaka yesani maresistor osiyana, 10,000, 4,700, 2,200, 1,000, 470 ndi 220, iliyonse muisiye mphindi 20 musanalembe, chifukwa nambala ya m'masekondi oyamba ndi yonama. Resistor imene yatsitsa mavolti kufika pafupifupi theka la nambala yapamwamba ija ndiyo ikufanana ndi kuthina kwa m'kati mwa batire lanu, ndipo pamenepo ndi pamene limapereka mphamvu yochuluka. Musayeze maampu polumikiza mita mwachindunji pa mawaya awiriwo. Kumeneko ndi kupanga shoti, ndipo nambala yake imagwa mukuyang'ana.

Makala a mbaula angagwire ntchito m'malo mwa timitengo ta m'miyala?

Ambiri mwa makala ogulitsidwa m'matumba m'mbali mwa msewu wa ku Zóbuè sadutsa magetsi, chifukwa uvuni wadothi sutentha mokwanira. Kaboni amayamba kudutsa magetsi bwino akapsa kupitirira madigiri 700 mpaka 800. Yezani chidutswa chilichonse: zingwe za mita zitalikirane sentimita imodzi. Chikawerenga pansi pa maohm 50 n'chabwino, chikawerenga masauzande kapena osawerenga kanthu chibwezereni ku mbaula.

Mungawakonze powaotchanso. Dzazani makala m'chitini chokhala ndi chivundikiro, boolani kabowo kamodzi, ikani pakati pa moto waukali monga wa mvukuto kapena m'ng'anjo ya njerwa, chitinicho chifiire kwa ola limodzi, ndipo chizizire chisanatsegulidwe. Makala otere aphwanyeni kukula ngati nyemba, atsukeni phulusa, muwamange mothina m'kathumba ka neti pamodzi ndi waya wa stainless pakati. Akagwirana bwino amaposa timitengo, chifukwa ali ndi timabowo tosawerengeka.

Linkagwira ntchito koma tsopano latsika. Chavuta n'chiyani?

Yambani ndi cathode, chifukwa kawirikawiri vuto limakhala pamenepo. Onani ngati madzi aphwa, ngati yamira, kapena ngati yakutidwa ndi ndere kapena chikhungu choyera cha mchere. Itulutseni, itsukeni ndi mswachi wakale m'madzi oyera, ibwezereni. Nambala ikalumpha m'mphindi zochepa, mwapeza.

Cathode ikakhala bwino, gwedezani polumikizira mawaya mita ili poyeza. Nambala ikamadumphadumpha, pachita dzimbiri kapena pamasuka. Kubiriwira pa waya ndi kopa amene akudyeka.

Matope akang'ambika ming'alu, mpweya wafika pa anode. Tsekani ming'aluyo ndi matope atsopano, onjezani madzi, dikirani sabata. Nambala ikakhala ziro ndendende, mawaya awiri akukhudzana penapake. Ikamatsika pang'onopang'ono kwa milungu ingapo zonse zili m'malo, chakudya chatha.

Ndiwadyetse chiyani, ndipo chochuluka bwanji?

Pang'ono kwambiri. Matope a kudambo ali ndi chakudya cha miyezi ingapo. Chikatha, sungunulani theka la supuni yaing'ono ya shuga m'kapu ya madzi owiritsa ozizira, n'kulowetsa pafupi ndi anode kudzera m'kapaipi kamene munakwirira popanga, kenaka tsekani kapaipiko. Musathire pamwamba. Chakudya chikafika pa cathode, mabakiteriya ena amadya okosijeni yense pamenepo ndipo magetsi amagwa.

Madzi otsukira mpunga ndi abwino. Ndowe za ng'ombe dzanja limodzi posakaniza matope zimathandiza. Matsukwa a mphale ndi masese ali ndi chakudya chambiri koma ndi owawasa, ndipo mabakiteriyawa amafuna pH ya pafupi ndi 7. Sungunulani gawo limodzi m'magawo 10 a madzi n'kuikamo kasoda wophikira kotsina ndi zala. Mukadyetsa mopitirira, matope amasasa, kapena mabakiteriya opanga gasi wa methane amalanda chakudyacho. Thovu lambiri lotuluka m'matope ndi mphamvu imene ikuthawa osadutsa m'waya.

Mchere pang'ono, theka la supuni yaing'ono pa lita imodzi ya madzi, umafewetsa njira ya magetsi. Wambiri umapha mabakiteriya a m'madzi opanda mchere.

Nyengo imasintha kanthu?

Kwambiri, ndipo chigawo chino cha Tete chili ndi mbali zonse ziwiri. Mabakiteriyawa amakondwa pa madigiri 30 mpaka 35. Ku Ulónguè ndi Tsangano, m'miyezi ya June ndi July, batire losiyidwa panja usiku limafooka ndipo latsopano limachedwa kudzuka. Lisungeni m'nyumba, likulungeni ndi chiguduli, kapena yambani ntchitoyi mu September. Mumzinda wa Tete vuto ndi losiyana: mu October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40, madzi a masentimita atatu amaphwa m'masiku ochepa, ndipo ndowa yakuda ikakhala padzuwa matope amatentha mopitirira. Ikani pamthunzi, lembani mzere wa madzi pa ndowa, ndipo muzionjezera madzi amvula kapena a pachitsime. A pampopi ayambe agona usiku wonse osavundikira kuti klorini achoke.

Ndingayatse kababu ka LED?

Inde, koma osati ndi ndowa imodzi mwachindunji. LED yofiira imafuna mavolti pafupifupi 1.8, yoyera pafupifupi 3. Lumikizani mabatire anayi kapena asanu mondondozana, plus ya lina ku minus ya linzake, ndipo yofiira idzanyezimira pang'ono mumdima. Wotchi yamanambala kapena kakyuleta zimayenda mosavuta kuposa babu.

Batire lililonse likhale m'chidebe chakechake. Mukaika ma anode angapo m'matope amodzi n'kuwalumikiza mondondozana, madziwo amapanga shoti. Komanso limodzi likafooka, anzake amalikankha mpaka plus ndi minus zake zitembenuke, ndipo limayamba kudya mphamvu ya anzake. Yezani lililonse palokha kamodzi pa sabata.

Njira ina ndi yosonkhanitsa pang'onopang'ono mu capacitor, kachipangizo kosunga magetsi kwa kanthawi, n'kutulutsa kamodzi. Capacitor ya farad imodzi ikafika 0.6 V imasunga majoule 0.18. Ndowa ya mamaikrowati 100 imatenga theka la ola kapena kupitirira kuti idzaze, ndipo mphamvuyo, itakwezedwa ndi kachipangizo kokwezera mavolti, ingayatse LED ya mamiliwati 10 kwa masekondi osakwana 18. Tchipi ya LTC3108 inapangidwira ntchito yotereyi, imadzuka ndi mamilivolti 20 okha.

Tinamva za magetsi a mkodzo ndi miphika yadothi. N'zoona?

N'zoona. Gulu la Ioannis Ieropoulos ku Bristol Robotics Laboratory ku England linatchaja foni ndi mkodzo mu 2013, ndipo mu 2017 linaika mababu a m'zimbudzi oyendera mkodzo pasukulu ya atsikana ku Kisoro m'dziko la Uganda. Chinsinsi chawo ndi timabatire tating'ono tambiri tolumikizana, tolekanitsidwa ndi dongo lowotcha, ndi mkodzo woyenda mosalekeza.

Dongo lowotcha ndi pamene amayi oumba mbiya angathandize. Mphika wosapaka utoto, wa khoma lopyapyala ngati theka la sentimita, umalola madzi kudontha pang'ono koma umatchinga mpweya. Anode ikhale m'kati pamodzi ndi madzi akuda ndi matope pang'ono, pakamwa potseka, cathode ikulungidwe kunja kwa mphika pamene pali chinyezi ndi mpweya. Mbali ziwirizo zikayandikana chotero, mphamvu imaposa ya m'ndowa. Ndi mkodzo, yembekezani fungo la amoniya ndi miyala yoyera ya struvite imene imatseka mapaipi ndi timabowo ta mphika.

Ndili ndi khola la ng'ombe ndipo nthambo za magetsi za kampani ya EDM sizinafike kwathu. Ndichite chiyani?

Za kuunikira ndi foni, gulani sola. Kapanelo ka mawati 20 padzuwa la kuno kamapereka pafupifupi 80 Wh patsiku, kutanthauza mafoni asanu. Za kuphika, ndowezo zipite m'dzenje la biogas, limenenso limayendetsedwa ndi tizilombo koma limatulutsa mphamvu yooneka. Batire la matope malo ake ndi m'kalasi, m'kafukufuku woyeretsa madzi akuda, ndi popereka magetsi ku tizipangizo toyeza chinyezi kapena kutentha kumalo kumene palibe wosintha miyala. N'zoonadi kuti silifuna dzuwa ndipo limadya zinyalala, koma zimenezo sizichulukitsa mawati ake.

Pali choopsa?

Magetsi ake sangakugwireni. Choopsa ndi matopewo. Madzi a m'madambo ndi m'madziwe amakhala ndi likodzo, choncho valani magambuti ndi magolovesi kapena majumbo m'manja, ndipo ana asalowe opanda nsapato. Madzi a m'chimbudzi musagwiritse ntchito kusukulu, makamaka nyengo ya kolera. Chidebe chisatsekedwe ndi chivundikiro cholimba chifukwa gasi amadzazana, ndipo chisakhale m'chipinda chogona. Otunga matope m'mbali mwa Zambezi akumbukire ng'ona.

Likhala nthawi yaitali bwanji?

Kaboni sadyeka, ndiye malinga madzi alipo, cathode ikutsukidwa ndipo chakudya chikuonjezeredwa, limatha chaka ndi kupitirira. Matchuthi a sukulu ndiwo amapha ambiri. Musanatseke, thirani madzi ochulukirapo, siyani resistor yolumikiza, phimbani ndi pulasitiki yoboolaboola ndipo muike pansi pa tebulo, kutali ndi windo. Likauma gwa, linyowetseni, tsekani ming'alu, ikanimo makapu awiri a matope atsopano a kudambo, n'kuyambiranso kulemba manambala kuyambira tsiku loyamba.